Dothi la Manda Asanu ndi Awiri

Sendezani chikuni icho, a Felesita, utsi ukundilowa m'maso. Ndamva zimene mumakambirana ndi alamu anu masana, zoti mupita ku Joni kukatapa dothi pamanda a amuna anu kuti mzimu wawo ubwere kwawo. Sindikuletsani ayi. Ndine yani ine woletsa mkazi wamasiye? Koma imvani kaye zimene zinandionekera, chifukwa ulendo umenewo ndinauyendapo, ndipo mmene unathera sindinauzepo munthu.

Amuna anga a Damiyano simunawaone, munali musanakwatiwe kuno. Anali mmisiri wa matabwa, munthu wa mawu ochepa, koma chala chawo sichinkakhazikika. Chilichonse chathabwa ankachigogoda katatu ndi chala chapakati, go, go, go, kenako n'kutchera khutu. Ati thabwa lofumbwa limadziulula lokha. Benchi la kutchalitchi, go, go, go. Bokosi la maliro a eni ake, go, go, go, mpaka ine kuwatsina m'nthiti. Ngakhale pofika pakhomo sankaodira ngati anthu. Ankagogoda katatu pafelemu ya chitseko, ndiye mwana wathu Egilita ankasiya chilichonse n'kuthamangira kukawakwera m'miyendo.

Nkhondo ya ku Mozambiki itatha, anamva kuti kunyanja yamchere, kupitirira Kelimane, akufuna anthu ocheka matabwa a zombo. Anapita. Munthu woopa madzi ngati ameneyo, abale inu! Mtsinje wa Ruo ukangofiira pang'ono, iwo ankalolera kuzungulira mpaka pamlatho. Patapita miyezi isanu ndi inayi kunabwera mnzawo atanyamula chikwama chawo cha zipangizo. Anati pamsasa panalowa kolera, anthu asanu ndi awiri anapita sabata imodzi, ndipo onse anaikidwa komweko.

Tinalira maliro opanda mtembo ngati anowa. Anthu atabalalika, Egilita anayamba kukhala pakhonde kuyang'ana felemu ija tsiku lonse. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chakudya ankangochitosatosa, mikono inayamba kuonda.

"Ababa asochera," ankatero. "Sakuidziwa njira."

A Likhutcha, malume awo a malemuwo, anati wina apite akatenge dothi. Tsiku lomwelo amuna onse apabanja anadwala. Wina bondo, wina msana, wina ati fodya wake ali m'chigafa sangamusiye. Ha! Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, kenako ndinamanga chitenje changa.

"Amake Egilita," anandilangiza a Likhutcha, "mukatape dothi kumutu kwa manda, mukamutchule dzina, mukamuuze kuti tiyeni kwathu. Mukalimange m'chiuno, lisakagunde pansi. Ndipo madzi alionse amene mukawoloke muzikamuuza, chifukwa mzimu suwoloka madzi osauzidwa."

Ndinakwera malole kuchokera pa Muloza mpaka ndinaiona nyanja ndi maso angawa. Mudzi umene ndinkapitawo, wa Namuripa, kunalibe msewu wofikako, milatho anali ataiphwanya pankhondo. Njira inali imodzi yokha, ya chombo cha matanga.

Musaganize za bwato lokumba ayi. Chinali chombo chachikulu cha matabwa okhaokha, chotalika ngati kuchokera pano kukafika pamtengo wa mapeyala apo, cha milongoti iwiri, matanga ake ali zigambazigamba za matumba a ufa. Injini munalibe. Pansi m'mimba mwake anaikamo miyala yoti chisapendeke, ndipo chonse chinkanunkha mafuta a nsomba amene amapaka matabwa. Mkulu wa chombo kumeneko amamutcha nahoda. Wathuyo anali a Swalehe, bambo wa ndevu zoyera, wa diso limodzi lofiira. Anali ndi amalinyero awiri, Amisi ndi mnzake. Tinkamvana chifukwa amayi anga anandiphunzitsa Chilomwe, ndipo chiyankhulo cha kugombe kumeneko sichitalikirana nacho kwenikweni.

Popita tinayenda bwino, kupatula kuti ndinasanza mpaka ndulu. Tsiku limodzi ndi theka, gombe lili kumanzere kwathu, mitengo ya kokonati ili ndandanda. Chinthu chimodzi ndinachiona koma sindinachisamale. Munthu aliyense pokwera, a Swalehe ankaima pathabwa lokwerera n'kumufunsa kuti, "Muli nokha?" Ngakhale akuona ndi maso kuti munthuyo ali yekha.

Ku Namuripa bambo wina wokalamba, mmodzi wa amene anakumba manda, ananditengera kuseri kwa mudzi kumene amaika alendo. Mitumbira isanu ndi iwiri, mzere umodzi, yofanana ngati mizere ya mbatata. Timitengo timene anazikapo tinali titadyedwa ndi chiswe.

"A Damiyano ndi ati pamenepa?" ndinafunsa.

Bamboyo anatambasula manja. "Onse anali alendo, mayi. Tinkaika tikuthawa. Sitinayang'ane nkhope."

Anandisiya, koma asanachoke anandinong'oneza kuti za dothilo ndisakawauze a m'chombo, chifukwa sakondwera nazo, angandisiye pagombe.

Ndinakhala pamanda paja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ndinaitana, ndinalira, ndinayenda uku ndi uku kudikira kuti mwina mtima undiuza. Zii. Ndibwerere kwa mwana wanga chimanjamanja? Nditape pamodzi, nanga ndikalakwitsa? Ndiye nzeru inandibwerera, ndipo ndinadziona wochenjera zedi. Ndinang'amba kansalu katali m'mphepete mwa chitenje. Ndinatapa kadothi kumutu kwa mtumbira woyamba, n'kumanga mfundo. Wachiwiri, mfundo ina. Mpaka mfundo zisanu ndi ziwiri pakansalu kamodzi. Pamanda alionse ndinkati, "A Damiyano, ngati muli muno, tiyeni kwathu." Ndinamanga kansaluko m'chiuno mkati mwa zovala, ndili ndi mtima woti zivute zitani amuna anga ali pomwepa.

M'mawa mwake chombo chinali chitalongedzwa matumba a mchere ndi kokonati. Okwera tinali awiri okha, ine ndi mtsikana wina dzina lake Atija, amene anali ndi khanda pabere, akupita nalo kwa apongozi ake. A Swalehe anaima pathabwa paja.

"Muli nokha?"

"Ndili ndekha, a nahoda."

Nditangoponda m'chombo, chinapendekera mbali yanga ngati kwakwera ng'ombe. Ine nthawi imeneyo ndinali kamunthu kowonda ngati ndodo. Amisi anaseka, ati mayiwa adya chiyani ku Namuripa. A Swalehe sanaseke. Ndinakakhala pakati pa chombo, ndipo mwakachetechete ndinauza m'chiuno mwanga kuti, "Tikulowa m'nyanja."

Potuluka pakamwa pa mtsinje pali mchenga wobisika. Popita paja tinadutsapo bwinobwino, katundu ali wambiri kuposa uyu. Tsopano chombo chinakhula pansi, khwee, mpaka mano kuchita dzanzi. A Swalehe anayang'ana matumba, anayang'ana madzi m'mbali mwa chombo, anapukusa mutu. Anakankha ndi mapondo, mitengo yaitali yokankhira chombo, tinatuluka.

Zinayamba pang'onopang'ono. Dzuwa litakwera, Amisi anafuna kumwa madzi, chikho cha pamgolo osachipeza. Anachipeza kutsogolo pamatumba a mchere, chili chonyowa. Anakalipira mnzake, mnzakeyo analumbira kuti sanasunthe pachingwe. Anachibwezera pamgolo. Posakhalitsa chinalinso kutsogolo kuja.

Kenako ndinamva fungo la utuchi wa thabwa longochekedwa kumene, ndi la fodya wa chingambwe. M'chombomo munalibe wosuta. Khanda la Atija linasiya bere, linatembenukira kumatumba n'kuyamba kuseka. Maso ake ankayenda pang'onopang'ono, kuima, kuseka, kusuntha pang'ono, kuimanso, ngati mwana amene akumusewetsa anthu okhala mondondozana. Ndinatsatira maso akewo. Pamwamba pa matumba panali malo olowa pansi, ngati pamene pakhala munthu. Sindinafune kuwerenga, koma maso amawerenga okha. Atija anaphimba mwana wake kumutu ndi nsalu, ndipo sanayang'anenso kumeneko.

Masana mphepo inafa. Inangoduka ngati wina watseka chitseko, matanga n'kugwa lendee. Chondiopsa n'chakuti patali zombo zina ziwiri zinali kuyenda, matanga atafufuma bwinobwino. Zinatidutsa, zinachepa, zinazimirira. Ife tili chiimire pamadzi osalala ngati mafuta. Gombe tinkaliona, kamzere kobiriwira, koma silinkayandikira. Amalinyero anaimba malikhweru kuitana mphepo, anakanda mlongoti ndi zikhadabo, anatulutsa nkhafi zazitali napalasa mpaka thukuta kamukamu. Khoko la kokonati limene Amisi anaponya m'madzi linali pompo pambali pathu dzuwa likulowa.

Za usikuwo sindinena zambiri. Palibe anagona, ndipo palibe anapita kutsogolo. Kumeneko wina ankatsokomola.

Kutacha, mgolo wa madzi unali utatsika kupitirira theka, chonsecho tinkamwa mongonyowetsa kukhosi. Chombo chinali chitalowa m'madzi moti Amisi atagona chafufumimba ankagwira nyanja ndi chikhatho. A Swalehe analamula kuti ataye miyala ya pansi ija. Anataya, chombo osakwera. Anataya kokonati. Anataya mchere, kupatula matumba a kutsogolo aja, amene amalinyero anakana kuwakhudza. Chombo osakwera ngakhale pang'ono. Ine dzanja linali m'chiuno, pakansalu paja. Ndinkadziwa, a Felesita. Ndisaname, ndinkadziwa. Koma ndinkati mwina mphepo ibwera, mwina tifika, ndani adzadziwe?

Ndiye tinamva. Pansi pathu, m'mimba mwa chombo.

Go. Go. Go.

Mayo ine! Kunakhala chete kanthawi kofanana ndi kamene munthu amatchera khutu. Kenako thabwa lotsatira. Go, go, go. Kenako linanso. Pa thabwa lachinayi kulira kwake kunasintha, kunamveka kofewa, ndipo kugogodako kunabwereza pomwepo, kubwereza, kubwereza. Amisi anatsika, anapapasa pamalopo, anakuwa kuti thabwa likuchucha madzi. Analitseka ndi thonje mofulumira.

"Amene akugogodayu amadziwa thabwa," anatero a Swalehe.

Ine misozi inali ikungoyenda yokha, koma si ya mantha okha ayi. Ndinali ndi chimwemwe chochititsa manyazi. Ndinawatenga! Amuna anga anali m'chombo, ali pantchito monga mwa masiku onse.

A Swalehe anatiuza kuti tithandize kukapa madzi. Nditawerama, bulauzi inakwera, ndipo Atija anaona.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "mwamanga chiyani m'chiunomo?"

Onse anatembenuka. Ndinamasula kansalu kaja, ndinakagwira m'manja, ndinaulula zonse. Ndinkayembekeza kuti andimenya kapena andiponya m'madzi. Bola akanandikalipira. A Swalehe anangokhala pansi pafupi ndi tsigiro, n'kupukuta diso lawo lofiira lija.

"Chombo changa chanyamulapo akufa," anatero. "N'chifukwa chake ndimafunsa. Munthu akanena, timamuika wakufayo kutsogolo, timafukiza lubani, nyanja imatilola kudutsa. Koma mmodzi, mayi. Mmodzi, wonenedwa poyera. Inu mwandikwezera asanu ndi awiri mwakuba, ndipo aliyense akufuna kwawo."

"Ndinatchula dzina la amuna anga okha!"

"Munthu amene wagona kwa eni, wina n'kumugwira kumutu kumuuza kuti tiyeni kwathu, angafunse za dzina?"

Anasolola mpeni m'chiuno, anandipatsa chogwirira chili kwa ine.

"Sankhani wanu. Enawo atsike."

"Sindikudziwa kuti wanga ndi uti!"

"Ndamva."

"Tibwerere ku Namuripa ndikawabwezere m'manda mwawo."

Anandilozera matanga ali lende. Ndinawapempha kuti adule ndi iwo. Anakana, ati anawadzutsa ndi ine.

Ndinayala kansalu kaja pamiyendo. Mfundo zisanu ndi ziwiri, zofanana, iliyonse ngati nsawawa. Ndinagwira yoyamba. "A Damiyano, ngati ndinu uyu, gogodani." Chete. Yachiwiri, chete. Ndili pakati pa yachitatu ndi yachinayi, go, go, go, kumbuyo kwa chombo, pa thabwa lina. Ndinayambiranso, kugogoda kunabwera ndisanagwire iliyonse. Sankandiyankha ine, ankayesa matabwa. Ndinalira mokwiya. Munthu ameneyo ngakhale ali moyo, ukamufunsa kanthu ali pantchito sankakumva!

Dzuwa linali likuwotcha ngati pachiwaya. Ndinadula mfundo ya kumapeto.

"Pepani, bambo," ndinatero, "sindikudziwani." Ndinaiponya.

Kadothi kongotapa ndi zala ziwiri, koma kanamira ngati nkhwangwa, thibu, osabwereranso. Chombo chinanjenjemera n'kukwera pang'ono. Tonse tinagwira mpweya.

Go, go, go. M'kati mwa chombo.

Ndinagwada pamadzi omwewo kuthokoza Mulungu, kuiwala kuti ndangotaya mwana wa munthu m'nyanja. Ndinadula yachiwiri. Thibu. Kudikira. Go, go, go. Pa yachitatu tinamva kuusa moyo kwakutali kutsogolo kuja, ngati kwa munthu wotopa amene amuuza kuti anyamukenso, ndipo khanda linalira koyamba chikwerereni. Yachinayi ndinadula nditatseka maso. Yachisanu inandipulumuka m'manja ndisanasankhe n'komwe. Nthawi zonse kudikirako kunkatalika, ndipo nthawi zonse chala chija chinkabwera, m'kati, pansi pa mapazi athu.

Zinatsala ziwiri. Pamatumba aja panatsala malo awiri olowa pansi. Kamphepo kanagwedeza nsonga ya tanga n'kulekanso.

"A nahoda," ndinawagwira miyendo, "awiri okha. Chombo chapepuka. Awiri si ambiri. Ndikawasamala onse, ndikawaika pamodzi. Chonde, bambo anga."

A Swalehe anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine. "Tidikire tione," anatero. Anali munthu wachifundo bambo uja, ndisawanamizire. Anafukiza lubani, anapemphera m'chipembedzo chawo, ndipo tinadikira mpaka mithunzi ya milongoti inayamba kutalika.

Kenako thabwa lija linatsegukanso, thonje lonse n'kutumphuka. Madzi analowa mwamphamvu. Amisi ndi mnzake ankakapa ndi zidebe, ine ndi mphika, koma madziwo anafika m'mapazi, anafika m'akakolo, anayamba kukwera m'miyendo. Kugogoda kunali pa thabwa lomwelo, mofulumira tsopano, mosapumira.

Bola Atija akananditukwana. Anangoyenda m'madzimo, anagwada patsogolo panga, anavundukula nsalu kuti ndione mwana wake. Milomo ya khandalo inali itauma, liwombo litalowa pansi, kulira kwake kukungomveka ngati kwa kamphaka. Anangondionetsa basi.

Ndinatenga mfundo ziwiri zija, ina dzanja ili, ina dzanja ili. Ndinazinunkhiza. Ndinaziyesa kulemera. Ndinaziika kukhutu ngati wamisala. Popapasa ndinamva kuti m'mfundo ya kumanja muli kanthu kolimba. Ndinasuzumira pampata wa nsalu, kanali kachigoba koyera ka nkhono ya m'nyanja. Ya kumanzere munali kamuzu ka udzu. Ndiye ndinadziuza kuti a Damiyano ankadana ndi madzi, sangagone ndi chinthu cha m'nyanja kumutu kwawo. Wa kamuzuyu ndiye wa kumtunda, ndiye wanga. Nzeru zake zinali zomwezo, a Felesita. Munthu ukasowa pogwira umakhulupirira zilizonse.

Ndinaponya ya kachigoba.

Chombo chinadzuka ngati munthu amene amutula mtolo. Matanga onse awiri anafufuma kamodzi, phuu, zingwe zinalira, madzi anayamba kuchita thovu kutsogolo. Amisi anakuwa mokondwa, anatseka thabwa lija mosavuta. Ine sindinasunthe. Ndinafumbata mfundo yotsalayo pachifuwa, khutu lili pansi.

Chete.

"Gogodani," ndinanong'ona. "Gogodani, bambo ake Egilita."

Go. Go. Go.

Pa thabwa lomwe lija. Koma kunamveka kogonthera, kolemera, ngati munthu akugogoda ndowa yodzaza. Amisi, amene dzanja lake linali pathabwapo, analichotsa msangamsanga n'kundiyang'ana. Sanafunikire kundiuza. Kugogodako kunali kunja.

Kunamvekanso, chakumbuyo pang'ono. Kenako chakumbuyo kwambiri, chombo chikuwadutsa. Komaliza kunamveka pa tsigiro. A Swalehe anakumva m'dzanja lawo, anasiya tsigirolo ngati lawawotcha.

Ndinathamangira kumbuyo. Mfundo zinazo zonse zinamira nthawi yomweyo, koma iyi inali ikuyandama, kansalu kofiira, kakukwera ndi kutsika m'mphepete mwa thovu lathu ngati kakuyesetsa kutilondola. Ndinaponya mwendo kunja. Amisi anandigwira m'chiuno, Atija anandikoka tsitsi. Ndinawaluma, ndinawatukwana, ndinakuwa dzina la amuna anga mpaka mawu kutha. A Swalehe anayesa kutembenuza chombo, koma chombo cha matanga sichibwerera ngati njinga. Mmene tinkazungulira n'kufika pamalo paja, panali madzi okhaokha mbali zonse. A Swalehe anagogoda okha pathabwa katatu ndi chala chawo, tonse tinamvetsera. Palibe anayankha.

Ndinakweza dzanja kuti nditaye yotsala ija. Ndinali nayo ntchito yanji? A Swalehe anandigwira pamkono.

"Uyu munamulonjeza mudzi," anatero. "Nayenso alipo amene akumulira kwinakwake. Musamutsitse."

Anaitenga okha, anakaiika kutsogolo pambali pa lubani. Tinafika padoko m'mawa mwake popanda china chilichonse. Potsika, Atija anandipatsa madzi akumwa, koma sanandiyang'ane kumaso.

Ndinamanganso mfundo ija m'chiuno. Pa mtsinje uliwonse ndinkachita monga anandilangizira a Likhutcha, kungoti dzina ndinalibe. "Inu bambo amene sindikudziwani, tikuwoloka." Pa Muloza ndinati, "Tikulowa m'dziko la kwathu. Mwina si kwanu, pepani."

Kuno anandilandira ndi nthungululu. Amuna a mabondo ndi misana aja anali atachira onse, ndi amene anakumba kadzenje kumanda. A Likhutcha anayankhula mawu abwino, ati mkazi uyu ndi mwamuna. Anakwirira mfundo ija pambali pa amayi awo a Damiyano, ndipo mwala umene mumauona uja, wolembedwa dzina lawo, uli pamenepo. Ine ndinangoti duu. Ankati ndi kutopa.

Madzulo anthu atapita, ndinapeza Egilita ali pakhonde pamalo ake aja. Anali atasamba yekha, atavala diresi yake ya kutchalitchi.

"Amayi, mwabwera nawo ababa?"

"Eya, mwanangu. Ndabwera nawo."

Anamwetulira, anatembenukira ku felemu ija, manja ali pamaondo. Anadikira. Nkhuku zinalowa m'khola, iye ali chidikirire. Kenako anandiyang'ana.

"Nanga bwanji sakugogoda?"

Ndinamuuza kuti atopa ndi ulendo. Anandikhulupirira, kapena anangondimvera chisoni, kaya. Anayamba kudya, anakula, lero ali ndi ana ake awiri ku Luchenza. Chaka chilichonse amabwera kudzasesa manda aja n'kumawauza ababa ake nkhani za adzukulu. Ine ndimamuperekeza, ndimazula udzu, ndipo iye akatsogola ndimatsalira pang'ono kumupepesa mlendo wangayo. Sanativutitsepo ngakhale tsiku limodzi. Ayenera kuti anali munthu wabwino.

Ndiye pitani ku Joniko, a Felesita, Mulungu akutsogolereni. Mukakapeza dzina pamanda, katapeni, ndipo aliyense wokunyamulani mukamuuze zoona kuti simuli nokha. Koma mukakapeza mitumbira yofanana yopanda dzina, mukangogwada, mukalire, mubwereko chimanjamanja. Amuna anu adzakhala ali kwa eni, komabe ali pouma. Anga aja anali pouma, ndinakawadzutsa ndine, n'kuwasiya pakati pa nyanja ndi dzanja langali. Munthu woopa madzi ngati ameneyo.